Anamuitana m'Chiperoni, Sanayankhe

Takhalani pansi inu! Gavinala, siya mchira wa galuyo, akakuluma usabwere kudzandilirira ine. Enanu tsekani pakamwa, phokoso ngati pachigayo bwanji? Iwe Ndaziona, cholembera chija wagwira? Ulembe mmene ndikuneneramu, usakonzekonze. Ine m'kalasi sindinapondemo, koma nkhaniyi ndaisunga m'mutu muno osataya liwu ngakhale limodzi. Inu kope likangonyowa ndi mvula nzeru zathera pomwepo. Eya, tcherani khutu.

Kalekale, kunsi kwa phiri la Mulanje, kunali mkazi wina dzina lake Esinala. Sanali wa kuno ayi. Kwawo kunali kuchigwa cha Shire, kotentha kuja, kumene anthu amagona pabwalo osafunda kanthu. Anachita kumutenga chitengwa mwamuna wake Namakhwa, wocheka matabwa a mkungudza pamwamba pa phiri.

Kucheka ndi ntchito ya anthu awiri. Chipika amachigoneka pamwamba pa dzenje, wina aime pamwamba kukoka sowo, wina alowe m'dzenje kuibweza, utuchi ukumugwera m'maso. Pamwamba pankaima Sapuwa, mkulu wake wa Namakhwa, bere limodzi. M'dzenje munkalowa Namakhwa. Akakwera phiri mwezi unkatha ali komweko, kugona m'zisakasa, matabwa okha n'kumatsika pamitu ya onyamula.

Esinala anabereka ana awiri, onse anabwerera ali akhanda. Wachitatu ndiye anakhala, kamtsikana, Nelesi. Chibadwire mwanayo, Esinala ankaitana mwamuna wake kuti "bambo a Nelesi". Asanabadwe ankangoti "inu". Dzina loti Namakhwa silinatulukepo pakamwa pake ngakhale tsiku limodzi. Akazi akale tinali otero ife, osati zanu zalerozi zoitana mwamuna ngati ukuitana mwana wokakutengera moto.

Tsono phiri lili ndi malamulo ake. Apongozi ake a Esinala, a Mwandida, amuna awo analowa m'phiri lomwelo nthawi ya nkhungu osabwerako, ngakhale fupa silinaoneke. Amene anali nawo anati anangowamva akuti "Wawa!", kuyankha munthu wosaoneka, basi n'kulowera. Ndiye a Mwandida analera ana awo aamuna ndi mawu amodzi: "Ukamva dzina lako m'nkhungu, usayankhe. Eni phiri amabwereka mawu a munthu amene umamukonda. Ukangoti wawa, wapita." Ochekanso onse ankadziwa zimenezi. Akasowana sankaitanana maina, ankamenya mtengo ndi msana wa nkhwangwa, go! go! go!, winayo n'kubwezera. Koma Esinala palibe anamuuza. Amuuzirenji? Mkazi wa kuchigwa akakatani kuphiri?

Chaka china, chimanga chitalowa m'nkhokwe, mwezi wozizira uja, Nelesi anadwala. Thupi moto, maso kutembenuka, pakamwa pongoti "ababa, ababa". Esinala anali ataonapo kale ana awiri akuyamba chonchi. Anathamangira kumene onyamula amatula matabwa, anapeza wina akukonza nkhata kuti akwerenso.

"Achimwene, mukawauze bambo a Nelesi atsike. Mwana sali bwino. Mukanene kuti akachedwa sadzamupeza."

Munthu uja anakwera nawo uthenga.

Kutacha, mwana uja anatuluka thukuta, n'kudzuka, n'kukhala tsonga pamphasa. "Amayi, mbatata." Esinala anaseka misozi ili mbwembwembwe. Anatuluka kuti akakoleze moto, ndipo mphepo inamumenya kumaso, yonyowa, yochokera chakwa Apwitikizi. Atayang'ana kuphiri, mutu wa phiri panalibe. Chimtambo chinali chitakhalapo, choyera m'mwamba, chakuda kunsi, chikutsetsereka m'zigwembe ngati utsi wa nkhuni zaziwisi. Nkhuku zinangosuzumira panja n'kubwerera m'khola.

A Mwandida anali pakhonde atadzikulunga nsalu mpaka kumutu.

"Chiperoni icho," anatero. "Chachikulunso. Chotere ngakhale anyani amalowa m'mapanga."

"Amayi, ine dzulo ndinatuma uthenga kuti atsike."

"Satsika. Sapuwa ali komweko, chiperoni amachidziwa. Samulola."

"Ndinanena kuti akachedwa mwana sadzamupeza."

A Mwandida anangoyang'ana kuphiri.

Esinala anawotcha mbatata, ina anapatsa mwana, zina anazikulunga m'kansalu zili zotentha. Anapinda gombeza lawo logona nalo, n'kuliika pansi pa dengu. Anati, "Amayi, tandionerani mwanayu, ndikathyole ndiwo kudimba." Atafika pamphambano, njira ya kudimba anaisiya kumanzere.

Inu chiperoni cha pamwamba simukuchidziwa. Ichi chimatipeza kumudzi kuno, chomwe mumanyinyirika nacho popita kusukuluchi, n'chotsalira chabe. Pamwamba mvula yake sigwa, imangoyandama, n'kulowa m'nsalu, n'kulowa m'khungu, mpaka kukafika m'mafupa. Miyala imaterera ngati wathirapo therere. Mphepo imakukankha ngati munthu amene uli naye chifukwa. Ukatambasula dzanja, zala zako suziona. Masana enieni kumada bii. Tsono mkazi wa kuchigwa, wopanda nsapato, ndi nsalu ziwiri zokha!

Pakati pa chitunda anakumana ndi onyamula akutsika chothamanga, pamutu popanda kanthu. Matabwa anali atawataya m'njira.

"Mayi, mwazungulira mutu? Bwererani!"

"Bambo a Nelesi mwawasiya kuti?"

Anthu aja anayang'anana. Wina anati, "Kodi sanafike? Ananyamuka patsogolo pathu, kukungocha. Ndi malaya okha."

"M'njiramu simunawaone?"

"Njira yake iti, mayi? Ife tomwe tikuchita kuifufuza ndi mapazi. Tiyeni titsike, chikapepuka tidzabwere ndi anthu."

Wina anamugwira mkono kuti amukoke. Esinala anaupotokola n'kupulumuka, n'kulowa m'nkhungu. Anamukuwira, koma palibe anamutsatira. Sindikuwanena ayi, nawonso anali ndi ana.

Anakwera akuitana. "Bambo a Nelesi! Bambo a Nelesi eee!" Mphepo inkalanda mawuwo pakamwa pomwe n'kukawataya kuphompho. Dengu linamuvuta, analisiya, gombeza ndi mbatata n'kuzimangirira kumsana ngati mwana. Poterera ankakwawa ndi maondo. Mapazi anasiya kumva, mwala ukamucheka ankangoonera magazi. Mano gwedegwede. Anaitana mpaka mawu anasasa.

Kenako anafika pa chimwala chachikulu chopendekeka, chapambali pa njira. Pamenepo mphepo inachepako. Anatsamira kuti apume, n'kuyamba kuganiza. Kuitana kwangaku n'kwakutali, mphepo ikukudula pakati. Komanso munthu akalefuka ndi chisanu, chimene chingamudzutse ndi dzina lake lenileni, lija ankamuitana nalo amayi ake ali mwana. Anachita manyazi. Yekhayekha m'nkhungu, popanda womuona, koma anachita manyazi ndithu, mpaka anagwira pakamwa. Kenako anachotsa dzanja.

"Namakhwa!"

Zii.

"Namakhwa! Ndine! Mwana wachira! Namakhwa, tayankhani!"

Anamva ngati kubuula chapansipansi. Anatchera khutu. Sikunabwerezenso. Anati ndi mphepo ikulira m'ming'alu ya mwala. Anaitananso, anaitananso, mpaka pakhosi panangotuluka mpweya wokha.

Mdima utayamba kukhuthala anadziwa kuti akakhalitsa, Nelesi atsala wopanda onse awiri. Anamasula gombeza lija, analiyala pamwamba pa chimwalacho, mbatata anaziika pakati, n'kupsinjiza ndi miyala m'mbali kuti mphepo isaulutse. Anati mwina adutsa pano alipeze. Anatsika chotsatira kamtsinje, pena choyenda, pena chokhala pansi. Kumudzi anafika nkhuku zitalowa. A Mwandida anali pakhomo, mdzukulu ali kumsana. Za ndiwo sanafunse. Anangoteleka madzi n'kuyamba kumuthowa mapazi.

Ndaziona, ukulemba kapena ukulira? Pukuta, udonthezera papepalapo.

M'mawa mwake chiperoni chinapepukako. Amuna a m'mudzi anakwera ndi nkhwangwa, Esinala ali pambuyo pawo, mapazi atakulunga nsanza. Anamuletsa, sanamve. Atakwera ndithu anamva kumtunda, go! go! go! Anali Sapuwa ndi ocheka anzake, akutsika chofufuza. Sapuwa anali atakoleka chijasi paphewa, osachivala, chonsecho iye mwini akunjenjemera ngati bango. Anakumana pafupi ndi chimwala chija. Gombeza linali pomwepo, lonyowa, mbatata zosakhudzidwa.

Sapuwa anamenya mtengo. Go! go! go! Onse anakhala chete.

Kho... kho...

Mwala kugunda mwala, pansi pa mapazi awo.

Kumunsi kwa chimwalacho kunali kaphanga, pakhomo pake patatsekeka ndi zitsamba. Namakhwa anali m'menemo, atadzipinda ngati mwana wam'mimba, kamwala kali m'dzanja. Milomo mbuu. Dzanja linalo linali ndi mabala a mano. Anamutulutsa, anamuveka chijasi, anamutikita miyendo. Moto anayesa kukoleza, nkhuni zonse madzi okhaokha. Esinala anangoima kumbuyo kwa anthu. Pamene anatsamira dzulo lake ndi pamene panagona mwamuna wake, mukanayala mphasa imodzi ikanafika konse.

Namakhwa anatsegula maso, koma sankaona bwino. Anamva fungo la utuchi pachijasi.

"Achimwene, ndinu?"

"Ndine, mphwanga. Usalankhule."

"Achimwene, dzulo za m'phiri zija zinandiitana. Zinatenga mawu a mayi a Nelesi, enieni, ngakhale kusasa kwake. Ndinatsala pang'ono kuyankha." Anapumira. "Koma zinalakwitsa. Zinanditchula dzina. Mkazi wanga sanganditchule dzina. Ndinaluma dzanja ili kuti pakamwa pasatseguke. Mukawauze amayi kuti sindinayankhe."

Sapuwa anatembenuka, anayang'ana gombeza, anayang'ana Esinala. Esinala anagwetsa nkhope.

"Zinafika pondinyengerera kuti mwana wachira," anatero Namakhwa. "Achimwene, musandibisire. Nelesi mwamuika kale?"

Esinala anadutsa pakati pa amuna aja, anagwada, anagwira dzanja lolumidwalo.

"Bambo a Nelesi, mwana wachira ndithu. Akudya. Akukufunsani."

Namakhwa anamwetulira. "Eya. Awa ndiye mawu a mkazi wanga."

Amuna aja anamugoneka pa thabwa limodzi mwa aja anatayidwa m'njira, thabwa loti anacheka yekha, n'kuyamba kutsika naye. Asanafike pamene pamayambira minda, amene ananyamula chakumutu anati, "Tatulani kaye." Atatula, munthu anali atapita.

Maliro anaikidwa. Mmene mukudziwira, munthu akafera kutchire, thupi mumabwera nalo kumudzi koma mzimu umatsalira komweko. Tsiku lometa, mwini mbumba, a Likaka, amalume ake a malemu, anasonkhanitsa abale pabwalo. Anaika kalichero ka ufa pakati.

"Mwana wathu watsala pamwala paja, pozizira," anatero. "Pafunika munthu akathire ufawu, akapepese, kuti atsike adzagone ndi makolo ake. Koma wopepesa akhale mmodzi, yemwe anamulakwira. Akapita wina, mzimu sulandira, ndipo sapepesa kawiri."

A Likaka anali atakonzeka kuleretsa ndewu, chifukwa pa nkhani zotere anthu amalozana zala, uyu akuti ndi uyo, uyo akuti ndi uyu. Koma zimene anaona tsiku limenelo sanazionepo chibadwire.

Anayamba kuimirira ndi Sapuwa.

"Amalume, musavutike kufunafuna. Uthenga utafika ndinayang'ana kumwamba, ndinaona chimene chikubwera. Ndinati mphwanga, dikira chidutse. Anati achimwene, mwana. Chijasi tinali nacho chimodzi awirife, tinkabwerekana. Ndinachitenga n'kukachikwirira m'utuchi, m'dzenje muja, ndikuti munthu wopanda chijasi sangayerekeze. Kutacha anafunafuna. Anandifunsa, ndinati kaya. Anandiyang'ana, anadziwa. Anangoti, 'Chabwino, achimwene,' n'kunyamuka ndi malaya okha. Ine ndinakhala pansi, ndikuti kukamuluma abwerera yekha. Ndinadikira, ndinadikira. Akanavala chijasi chija kukanamuchera ali ndi mphamvu, bwenzi pano akucheka. Ufawo ndipatseni ine."

Asanakhale n'komwe, a Mwandida anagogoda ndodo pansi.

"Khala pansi iwe, ukudziwa chiyani? Chijasi n'chiyani? Mwana wanga anali ndi gombeza pamwamba pa mutu wake, mbatata zotentha, ndi mkazi wake ataima pakhomo. Anamutseka pakamwa ndani? Ndine. Mawu aja ndinamuyamwitsa pamodzi ndi bere. Ndinataya bambo ake chifukwa choyankha, ndiye ndinati ana anga phiri silidzawatenga. Anzake amamva mawu a mayi n'kuwataya kuseri kwa nyumba, wangayu anawagwira mpaka kuluma dzanja lake. Pomwalira akutumiza uthenga kwa ine, eti mukawauze amayi kuti sindinayankhe. Akufuna ndimuyamikire! Ndipo mtsikana uyu ndakhala naye zaka zonsezi, kusinja mtondo umodzi, kukamba za mchere ndi za anthu, koma chinthu chimodzi chofunikacho osamuuza. Miyendo yokwerera phiri ndilibe, koma mundibereka. Ufawo ndi wanga."

Namfedwa salankhula pabwalo, amangokhala kumbuyo atazolika. Koma Esinala anadzuka, mutu wongometedwa kumene, mapazi akadali m'nsanza. Amayi ena anamukoka nsalu kuti akhale, sanakhale. Mawu anali asanabwerere bwino, anthu anachita kusendera kuti amve.

"Alamu anabisa chijasi kuti munthu asanyamuke. Amayi anaphunzitsa kuti munthu asatayike. Nanga anamunyamutsa ndani? Ndikanapirira kuti kuche ndione mmene mwana adzukire, bwenzi ali m'chisakasa akuwotha moto ndi achimwene ake. Ine ndinasankha mawu oti asathe kukhala, ndinawasankha dala. Ndipo pamwala paja, ndikanati 'bambo a Nelesi' monga masiku onse, akanatuluka. Anakhulupirira ulemu wanga kuposa makutu ake, ine n'kuutaya ulemuwo pa tsiku lomwe unkafunika. Ndinamuitana ali pabwino, anabwera. Ndinamuitana ali pakufa, anakhala chete. Konseko woitana ndine. Amalume, musandimane ufawo."

"Mlamu, ayi," anatero Sapuwa. "Mayi aliyense akanatuma uthenga. Munaika kale awiri inu."

"Nanunso alamu, mkulu aliyense akanabisa chijasi."

"Akanabisa, inde, koma akanamuthamangira nacho ataona kuti wapitadi. Ine ndinakhala pansi."

"Nonse awiri ndinu ana," anatero a Mwandida. "Uyu sankadziwa lamulo, uyu sankadziwa kuti mphwake ali ndi mtima wotere. Ine ndinkadziwa zonse. Ndinamuona mtsikanayu akuika gombeza m'dengu. Kudimba amapita ndi gombeza? Ndinadziwa kumene akupita, ndipo mumtima ndinati apite, mwina akandipezera mwana wanga. Ngakhale pamenepo sindinamuuze kuti atenge nkhwangwa."

"Amayi, mukanandiuza bwanji, ine nditakunamizani?"

Anakanganirana chonchi, osati mokalipa ayi, aliyense akupukuta misozi ya mnzake kuti mlandu utsalire iye. Anthu pabwalo anangoti kakasi. Ena anati apite onse atatu, a Likaka anapukusa mutu, anati mwambo sutero, mzimu ukaona gulu umayesa mwabwera kudzadzikanira. Ena anati tidikire mwina malemu alotetsa wina. A Mwandida anati, "Adikire pozizira paja mpaka liti?" Kalichero kali pomwepo pakati, nkhuku zikuzungulira, mwana Nelesi akuziingitsa ndi kamtengo, osadziwa kuti ufawo ndi wa chiyani. A Likaka anavula chipewa, anakanda m'mutu, anayang'ana kuphiri. Kenako anakonza kukhosi kuti...

Ndani akuitana kunjako? A Nankhoma? Mwati chiyani? Mbuzi zalowa m'nandolo? Mayo ine, nandolo wanga! Ndikubwera! Gavinala, ndipatse ndodoyo, fulumira. Ayi, musandikoke nsalu, zimene ananena a Likaka si zanu, inu muli ndi mitu yanu. Paja mumati ndinu a sukulu. Ndaziona, lemba funso ili, ulisiye lopanda yankho, ndipo wina asathawe pamkekapo musanagwirizane. Munthu ali pamwala paja akuzizidwa, wopepesa ndi mmodzi, ndipo sapepesa kawiri. Ufa uja anyamule ndani: mkulu amene anabisa chijasi, mayi amene anamuphunzitsa kusayankha, kapena mkazi amene anamutchula dzina?